Khofi Wozizira M'nyumba ya Haji Nayif

Mwamuna wanga Haji Nayif ndi Msilamu wa Chisuni wa mutu wouma ngati chitsa, ndipo mlongo wanga Lafta ndi Mshia woti ukamuuza kuti "ndidikire pano" udzamupeza pomwepo chaka chamawa. Tsiku limene awiriwa anati apulumutse munda wathu wa tende, zipatso za kanjedza zija, ku Abu al-Khasib ku Iraq kuno, umene madzi amchere a mumtsinje ankaupha mtengo umodziumodzi, ine ndinali pa uvuni kuseri kwa khitchini ndikuphika mikate, ndipo zonse ndinazimva ndi makutu angawa.

Lafta anatulukira kuchokera ku nyumba ya alendo, ketulo ya khofi ili m'manja, nkhope ngati kwagwa maliro.

"Alamu, sakumwa."

"Ndani?"

"Alendo onse awiri. Aika tikapu pansi."

Haji anasisita ndevu, mano onse ali pamtunda. Kwathu kuno mlendo akaika kapu pansi osamwa ndiye kuti wabwera ndi pempho, ndipo khofiyo samukhudza mpaka mwini nyumba atanena kuti "imwani, chimene mwadzera ndi chanu." Akamwa, nkhani yatha, palibenso kubweza mawu.

"Akupempha chiyani?"

"A ndevu zazifupi aja, amene ndalama zawo zimachokera kutsidya ku Irani, akuti akupatsani makina ochotsa mchere m'madzi. Inu mungopachika mbendera yawo pachipata, n'kuwathamangitsa enawo."

"Nanga enawo?"

"A ndevu zazitali, a ndalama za kuchipululu ku Saudi, akuti akupatsani makina ochotsa mchere m'madzi. Inu mungopachika chimkuzamawu chawo padenga, n'kuwathamangitsa enawo."

"Makina ake ndi osiyana?"

"Andionetsa pa foni. Ndi amodzimodzi. Onse ndi a ku China."

"Eyaa!" Haji anaomba m'manja n'kutembenukira kwa ine. "Wamva, make Ghazi? Mayiko awiri akuluakulu akhala pa mkeka wanga. Akulimbirana ine!"

Ine ndinangomata mkate pakhoma la uvuni. Mayiko ake ati? Wa ndevu zazifupiyo ndi mwana wa Jasib wogulitsa madzi oundana, wa ndevu zazitaliyo ndi mwana wa Muslih womata matayala. Onse awiri ndinkawapukuta mamina ndi nsalu yangayi akusewera mpira timu imodzi.

"Lowani tsono, alamu, mukasankhe," anatero Lafta. "Khofi akuzizira."

"Azizire."

"Aa! Khofi wanga? Ndakazinga ndekha, ndasinja ndekha. Mawa pamsika azinena kuti khofi wa Lafta anazizirira m'kapu ngati madzi osambira abakha?"

"Iwe, wogulitsa wanzeru sathamangira wogula woyamba. Akhale pomwepo, akhe thukuta, awonjezere. Panopa akuti makina. Pofika masana akhala akuti makina ndi jenereta."

"Ndikawauze choncho?"

"Ukauze ndani? Bwerera kuno!"

Lafta, amene anali atayamba kale kuyenda, anabwerera.

"Mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero ine, osadzutsa mutu.

"Mvula yake iti ku Basra kuno?" anayankha Haji. "Phika mikate."

"Komanso alamu," Lafta anayambiranso, "pachipata pafika Shnawa wa magetsi a jenereta. Akuti mafuta asowanso, ndiye madzulo ano..."

"Za Shnawa zikundikhudza chiyani lero?"

"Komanso mbuzi ya a Hamdiya yalowa ku ngalande."

"Lafta!"

"Ndili pano."

"Tchera khutu. Kuyambira pano, aliyense amene abwere, kaya ndi Shnawa, kaya ndi mbuzi, kaya ndi mngelo, umulowetse, umukhazike, koma ine usandiuze. Makutu anga lero ndi a anthu awiri okha aja. Wamva?"

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ngakhale mzungu wa kampani ya mafuta uja?"

"Ameneyo sangayerekeze. Sunaone ndikumuthamangitsa ndi nsapato? Akufuna azule mitengo ya bambo anga kuti adutsitsepo chipaipi chake, ine ndili moyo? Asa!"

"Koma atabwera?"

"Ndati aliyense! Izo zili m'mbali mwa mutuzo ndi makutu kapena ndi zogwirira mphika?"

Lafta anagwira khutu limodzi ngati akufuna kutsimikiza.

"Tsopano pita," anatero Haji. "Ukawauze a kutsidya kuti mtima wanga uli ndi iwo. Ukatero uwauze a kuchipululu chimodzimodzi."

Anapita. Mkate umodzi usanapse n'komwe, anali atabwerako.

"Ndawauza."

"Ehe. Akuti bwanji?"

"Akalipa."

"Ndani?"

"Onse. Ndinaima pakati, ndinati, 'Haji akuti mtima wake uli ndi inu.' Kenako ndinatembenuka, ndinati, 'Akutinso ndikatero ndikuuzeni inu chimodzimodzi.'"

Haji anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Mokweza?"

"Mwana wa Muslih uja samva bwino khutu lakumanzere."

"Ndimati uwanong'oneze! Aliyense payekha!"

"Za kunong'ona simunanene."

"Mulungu wanga, ndinalakwanji kuti ndikwatire kubanja limeneli?"

"Munabwera nokha, alamu. Munaikanso kapu pansi pa mkeka wa bambo. Ine ndi amene ndinathira."

Ndinaseka mpaka ufa unandilowa m'mphuno. Haji anandiyang'ana ndi diso lija, ine ndinaliyang'ananso. Diso limenelo linasiya kundiopsa kalekale.

"Komanso m'katimo mukutentha," anatero Lafta. "Magetsi kulibe, chokupizira chili chimodzi. Onse akuchifuna."

"Usakondere. Ukangopatsa mmodzi, winayo aona ngati ndasankha."

"Ndi zimene ndinaganiza. Ndiye ndakhala pakati pawo ndikudzikupiza ndekha."

"Pamaso pa alendo?"

"Sindinakondere."

Haji anakhala pa thumba la mpunga.

"Tsopano akufuna kudziwa," Lafta anapitiriza, "kuti nyumba ino ndi ya mbali iti."

"Wayankha chiyani?"

"Zoona."

"Mayo ine! Zoona zakenso ziti?"

"Anafunsa kuti poswali mumapinda manja pamimba kapena mumawagwetsa m'mbali. Ndinati Haji amapinda, ine ndimagwetsa, alongo anga amagwetsa kupatula kukazizira."

"Basi?"

"Anafunsanso za Idi. Akuti timatsata mwezi umene waoneka ku Saudi kapena umene waoneka ku Irani."

"Mwezi ndi umodzi!"

"Ndi zimene ndinanena. Koma ndinati inu mumadya Idi kawiri. Yanu, kenako ya alongo anga mawa lake, ndipo nkhosa yachiwiriyo ndi imene mumanyambita nayo zala."

"Lafta, kodi pakamwa pakopo unabadwa popanda mabuleki?"

"Anafunsa, alamu."

"Akadzakufunsa pamene ndimabisa ndudu, udzanena?"

"Kuseri kwa thanki."

"Ndudu zake ziti?" ndinafunsa ine. "Si munasiya pochokera ku Makka?"

"Phika mikate!"

Lafta anasintha ketulo kuchoka dzanja ili kupita dzanja linalo. Mawu ake anatsika.

"Kenako anaona chithunzi cha Ghazi pakhoma."

Ghazi anali mwana wathu wamwamuna mmodzi yekha. Anapita kumsika kukagula nsomba tsiku limene bomba linaphulika, ndipo mpaka lero awa amati anatchera ndi awo, awo amati anatchera ndi awa. Tsiku limene anabadwa, bambo ake anabzala mtengo wa tende pakati penipeni pa munda. Mitengo ina yonse ikufota ndi mchere, koma umenewo Haji amauthirira madzi ogula, omwewo timamwa ife. Ndikamati munda, munda, mumve kuti ndikunena mtengo umenewo.

"Anati chiyani?" Haji anafunsa, maso ali pansi.

"A kutsidya akuti anali wawo, poti mayi ake ndi Mshia. Akufuna chithunzicho pa mbendera. A kuchipululu akuti anali wawo, poti bambo ake ndi Msuni. Akufuna azimutchula pa chimkuzamawu."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati anali goloboyi wawo onse awiri, ndipo pa maliro ake sindinaonepo aliyense wa iwo."

Haji anapukuta pamphuno ndi nsalu ya kumutu. "Pamenepo wayankha bwino."

"Ndibwerere ndikanenenso?"

"Kamodzi n'kokwanira. Pita ukaone ngati awonjezera."

Lafta atangochoka, ndinasuzumira pa mpata wa mpanda. Pachipata panali pataima chigalimoto choyera cha kampani. Mzungu uja anatsika, wofiira ngati nkhanu, pambuyo pake womasulira wake, munthu wa konkuno wa nsapato zonyezimira. Ndinamuona Lafta akuwalandira, dzanja pachifuwa, n'kuwalowetsa m'nyumba ya alendo.

"Bambo a Ghazi," ndinatero, "pachipata paja..."

"Make Ghazi, izi ndi za mayiko. Mkate wako ukupserera."

Unkapsereradi. Ndinauleka upserere, mtima utandiwawa. Zaka zonsezi ndakhala ndi munthu ameneyu, koma akangosonkha moto wa nzeru zake, mawu a mkazi amawamva ngati kulira kwa nkhuku.

Lafta anabwerera milomo ataifinya ngati wabisa mwala mkamwa.

"Bwanji? Awonjezera?"

"Awonjezera."

"Ehee! Sindinanene? Jenereta?"

"Anyamata."

"Anyamata a chiyani?"

"A mfuti. A kutsidya aimba foni, yabwera galimoto yodzaza, akuti adzakutetezeni kwa a kuchipululu. A kuchipululu ataona, aitana yawonso, kuti ikutetezeni kwa a kutsidya."

"Ine ndapempha chitetezo?"

"Akuti muchifuna posachedwa."

"Ndani akundiopseza?"

"Aliyense akuti winayo."

"Nanga makina?"

"Za makina palibe akuzitchulanso."

"Magalimotowo ali pati?"

"Ina yaima pa ngalande, yagumula pamene pamadutsa madzi. Inayo yabwerera chammbuyo pa therere la alongo anga."

"Therere langa?" ndinakuwa ine.

"Lonse, alongo. Koma oyendetsayo wapepesa. Akuti ndi chifukwa cha mtendere."

Haji anadzuka pa thumba paja n'kuyamba kuyendayenda, uku ndi uku, manja kumbuyo. Kutali uko moto wa pa zitsime za mafuta unkayaka dzuwa likuswa mtengo, monga mwa masiku onse, ife kuno chiyambire m'mawa opanda ndi nyali yomwe. Thukuta linali litamunyowetsa mkanjo wonse.

"Ndikasankha uyu, uyo anditenthera nyumba," ankadziyankhulira. "Ndikasankha uyo, uyu anditenthera nyumba."

"Nyumba ndi imodzi, alamu. Sangaitenthe kawiri."

"Zikomo, wanditonthoza."

"Bwanji osangowauza onse kuti ayi?"

"Mlendo atuluke m'nyumba mwanga khofi wanga asanamwe? Ine mwana wa Mutlaq? Anthu azindiloza ndi chala mpaka kumanda! Tamvera, Lafta. Boma linatha, magetsi anatha, mtsinje watha. Chatitsalira n'chiyani? Mwambo. Mwambo ndi mwambo."

"Ndiye lowani mukasankhe."

"Sindilowa."

"Ndiye akanizeni."

"Mlendo sakanizidwa."

"Ndiye tigona pano."

"Chete, ndikuganiza!"

Anaima. Nkhope yake inawala, ndipo ine ndinachita mantha, chifukwa kuwala kumeneko ndimakudziwa. Kunawala chomwecho tsiku limene anagula ngamira yakhungu.

"Asankhe okha!" anafuula. "Ndani anati ndisankhe ndine? Ukaime pakati, unene mokweza..."

"Tsopano mokweza?"

"Mokweza! Unene kuti, 'Haji Nayif walumbira pa Mulungu ndi pa manda a mwana wake, kuti munthu amene ayambe kumwa khofi m'nyumba muno, chimene wadzera ndi chake.' Waona nzeru? Wochedwayo akadandaule ndi dzanja lake, osati ndi ine."

"Munthu amene ayambe kumwa."

"Ee."

"Wina aliyense wa m'nyumbamo."

"Aliyense! Kodi ukufuna ndichite kukuimbira nyimbo?"

Lafta anakanda kumutu. Anayang'ana ine, anayang'ana ketulo.

"Alamu, pali chinthu chimene munandiletsa kukuuzani."

"Ndiye usandiuze!"

"Chabwino."

"Bambo a Ghazi, tamumverani mwanayo," ndinatero. "M'nyumbamo muli..."

"Mkazi iwe! Kodi lero mwapangana? Ndati mayiko!"

"Koma khofi uja wazizira," anatero Lafta. "Mlendo sapatsidwa wozizira."

"Taya, uthire wina."

"Ndiyambire kwa ndani? Amene ndiyambe kumuthirira ndi amene ayambe kumwa."

Haji anaphethira. Pamenepo sanapaganizire.

"Usayambire kwa a kutsidya."

"Ndiye kwa a kuchipululu."

"Usayambirenso kwa a kuchipululu! Ndikangooneka kuti ndakondera, tapsa tonse."

"Uyu ayi. Uyonso ayi."

"Lero ndiye wamvetsa, koyamba chibadwire. Thamanga!"

Ndinataya mtanda pansi n'kumuthamangira, ndikuitana "Lafta! Lafta iwe!" Koma mlongo wanga akauzidwa kuti thamanga, amathamangadi. Ndinakafika pakhomo la nyumba ya alendo iye atalowa kale, ndipo ndinaima pomwepo, manja ali mbuu ndi ufa. Mkazi salowa m'nyumba ya alendo muli amuna. Umenewonso ndi mwambo.

Ndinamva mawu ake akulengeza lumbiro lija, osasiya liwu ndi limodzi lomwe. Kenako phokoso, ndipo pambuyo pake anthu anaomba m'manja.

Nditabwerera ku uvuni ndinapeza Haji akuvina pang'onopang'ono, mapewa okha.

"Wamva m'manjamo? Imeneyo ndi nzeru, make Ghazi. Mayiko amaphunzira kwa ine."

Lafta anatulukira akuthamanga, n'kupitirira mpaka pa moto pamene panali mphika wa khofi.

"Wamwa?" Haji anamugwira mkanjo.

"Wamwa."

"Alhamdulillah! Ndani?"

"Tadikirani, ndadzera khofi wina. Sakugwedeza kapu."

"Sakugwedeza?"

"Ndikathira, wamwa, n'kutambasulanso dzanja. Ndikathira, wamwa. Munthu akapanda kugwedeza kapu ndiye kuti sanakhute, ine sindingasiye. Ketulo yatha."

"Ndi mwana wa ndani wosadziwa kugwedeza kapu? Wa Jasib?"

"Ayi."

"Ndimadziwa. Wa Muslih. Bambo ake omwe anali adyera."

"Ayinso."

Mapewa aja anasiya kuvina.

"Nanga ndani?"

"Munandiletsa kukuuzani."

"Ndakumasula! Nena!"

"Mzungu wa kampani."

Haji anakhala pansi, osati pa thumba, pa dothi penipeni.

"Mzungu... walowa liti?"

"Mkate wa alongo usanapserere."

"Ndani wamulowetsa?"

"Ine. Munati aliyense."

"Ndiye osandiuza?"

"Munati ndisakuuzeni. Ndinafunsanso kachiwiri."

"Unamukhazika pati?"

"Pakati. Awiri aja sakhala moyandikana, ndiye panali mtsamiro wopanda munthu."

"Ndiye unamuthirira iyeyo poyamba?"

"Munati uyu ayi, uyonso ayi. Anatsala ndi iye."

"Ndimati uwathirire onse awiri nthawi imodzi, chitsiru iwe!"

"Ketulo ili ndi mlomo umodzi, alamu."

Haji anadzuka, anakhalanso, anadzukanso. "Ayi, ayi, ayi. Sizigwira zimenezo. Munthuyo mwambo saudziwa. Sanaike kapu pansi. Sanapemphe kanthu!"

"Iye saudziwa, koma womasulira wake ndi wa ku Zubair pafupi pompa, amaudziwa kuposa ine. Bwana wake atangomeza, anaimirira n'kuti, 'Nonse mwamva lumbiro. Chimene bwana wadzera ndi chija chakale, munda, kuti padutse paipi.'"

"Koma anamwa asanapemphe!"

"Munalumbira kuti amene ayambe kumwa. Simunati amene ayambe kuika pansi."

"Palibe mboni!"

"Zilipo ziwiri, ndi magalimoto awo omwe."

"Awiri aja? Sangavomere! Abwera m'mawa, akha thukuta tsiku lonse, ndiye alole mzungu awalande pakamwa? Wallahi pakhala nkhondo m'nyumbamo."

"Inenso ndimayesa choncho. Koma mwana wa Jasib anati, 'Bola mzungu kusiyana ndi awa.' Mwana wa Muslih anati, 'Bola mzungu kusiyana ndi awa.' Kenako anayang'anana, n'kuomba m'manja. Alamu, chibadwire sindinaonepo Msuni ndi Mshia akugwirizana msanga chotero. Misozi inatsala pang'ono kundigwa."

"M'manja muja anali iwowo?"

"Iwowo. Anagwirana chanza mpaka anaiwala khofi amene ndinawathirira. Mzungu anaona tikapu tili pansi, anatola n'kumwanso. Akuti khofi wathu ndi wokoma kwambiri." Lafta anawongola chifuwa. "Anafunsa kuti wakazinga ndani."

"Nanga anyamata a mfuti aja? Si anabwera kudzanditeteza?"

"Womasulira wawalemba ntchito pomwepo. A kutsidya azilondera paipi chakum'mawa, a kuchipululu chakumadzulo. Kuti wina asaibere mnzake."

"Makina ochotsa mchere?"

"Ndinafunsa. Akuti paipi mchere suivuta."

Ndinakhala pa mtondo, ndikuyang'ana mikate yopsererayo. Mukafuna kudziwa, ndinkafuna kuwamenya onse awiri ndi chitsulo cha pa uvuni, woyamba mwamuna wanga.

"Bwerera," anatero Haji, mawu atasasa. "Ukawauze kuti ndimangocheza."

"Pa manda a Ghazi?"

Lafta sanafunse mwachipongwe, anangofunsa, chifukwa ndi mmene alili. Haji anatembenuka kuyang'ana kumunda. Pamwamba pa mitengo yofota ija, wa Ghazi unkaoneka patali, wobiriwira, mikoko ya tende ili lendelende, itatsala pang'ono kupsa.

"Akhoza kudutsa m'mphepete," anatero pang'onopang'ono. "Munda ndi waukulu. Atenge wonse, koma adutse m'mphepete."

"Ndinaona chithunzi chawo, alamu. Mzere wadutsa pakati penipeni. Akuti paipi sikhota."

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira mokweza ngati tsiku lija la kumsika, ndipo sindinasamale kuti mayiko akumva.

Haji anakonza nsalu ya kumutu, anasasa fumbi pa mkanjo, n'kutola kakapu pa thireyi. Ndinamuona mutu uja ukuumanso, ndipo ulendo uno ndinamukonda nawo.

"Thira."

"Mumwa?"

"Ndati thira. Ndikulowa."

"Kukatani?"

"Ndikaika kapu iyi pansi, pamaso pa mzunguyo. Sindimwa mpaka atandisiyira mtengo umodzi. Umodzi wokha."

"Mwini nyumba saika kapu pansi m'nyumba mwake, alamu."

"Nyumba ya alendoyo ili kuti?"

Lafta anaganiza. "M'munda."

"Munda ndi wa ndani tsopano?"

"Wa kampani."

"Ndiye mlendo ndine. Thira."

Lafta anadzaza ketulo, anaigwira ndi dzanja lamanzere, analandira kapu ndi lamanja, monga anatiphunzitsira bambo, n'kuthira pang'ono pokha, pansi pa kapu, mwaulemu wonse. Anaipereka atawerama.

"Mlendo akaika kapu pansi," anatero Haji, "mwini malo sangamukanize. Kuyambira makolo athu. Mwambo ndi mwambo."

Anayamba kuyenda, msana uli chilili, kakapu kali patsogolo ngati kanyali. Lafta anamutsatira ndi ketulo, ndipo atafika pakhomo anamukoka mkanjo pang'ono.

"Kaikeni, alamu. Koma musaichotse dzanja. Ameneyo akaona kapu ili pansi, amangotola n'kumwa."